Misoti Yathu Siinawoloke Malire

Okondedwa achimwene a Crescencio,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno ku Sonora mvula yagwa, msipu wafika m'mawondo!

Boma litatseka malire a Amereka kuti ng'ombe zisawoloke, ogula a konkuno ankafuna misoti yathu pamtengo wongotola, ine osagona tulo. Paja yopita ku Amereka timayamba taitseketsa kuti isabereke, koma ndi mantha angawa ndinkangozengereza kuitana dokotala wa ziweto. Ndiye nkhunzi ya aneba athu a Ochoa inalumpha mpanda wa waya. Lero misoti yonse ili ndi bere!

Mlamu wanu Herminia akungondiseka: "Inu bambo, mantha anuwa akuberekerani ng'ombe."

Sindigulitsanso. Kungoti chitsime chathu chosachedwa kuphwa chija, chilimwe chikadzafika ng'ombe zitachuluka chonchi... Koma lero tisangalale kaye.

Mudzabwere mudzasankhe thole lanu.

Ndine mng'ono wanu,
Eusebio