Mundiyezere Mlatho Mlamu Asanamange Marimu Ake

Okondedwa achimwene,

Ndiye tayalalo litangokhula sipuling'i, kulira kwake, achimwene, agalu onse a mumsewu mwathu anathawira kuseri kwa nyumba, ndipo mayi wina wogulitsa tomato anataya beseni poyesa kuti kwagwa ndege. Ine pachiwongolero phee, ngakhale kuphethira ayi. Koma taonani mwano wangawu, ndayamba ndi za galimoto musanalandire ndi moni womwe. Pepani, nkhaniyi yandiima pakhosi.

Muli bwanji kumeneko? Nanga miyendo ya bambo, kutupa kuja kwaphwako? Ndinamva kuti ulendo wathawu wa kuchipatala munawakweza panjinga mpaka kumsewu waukulu, iwo akubuula njira yonse. Zimenezo zinandidya mtima. Ine kuno ndili bwino, ndanenepa moti lamba wa buluku wayamba kundidandaulira.

Pikapu ija ndinakuuzani kuti ndagula kwa abwana anga akale okumba mijigo ikuyenda tsopano. Imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo ndaitcha Chipembere. Cholinga changa sichinasinthe: ifike kwathuko mvula isanayambe, izigona pabwalo pa bambo, kuti tsiku la kuchipatala tiziwatengera pakhomo penipeni. Koma matayala omwe inabwera nawo ndi osalala ngati chipumi cha khanda. Pamatope akwathu aja ingangovina pamodzimodzi. Ndiye ndinabwereka tayala limodzi lalikulu, la mano ngati a ng'ona, kuti ndiliyese pa rimu yakale. Phokoso ndayamba nalo lija linachokera pamenepo.

Khalani pansi ndikuphunzitseni, poti inu munalekera pa matayala a ngolo. Rimu, chitsulo chija chimavala tayala, ili ndi mbale pakati, pomwe pamalowa mabauti. Mukaigoneka chafufumimba, n'kuika thabwa lowongoka pamwamba pa milomo yake, n'kuyeza kuchoka pathabwapo kutsika mpaka pambale ija, mwapeza kuya kwa kumbuyo kwake. Kuyako kukachuluka, tayala limabisala mkati mwa galimoto, ndipo likakhala lonenepa limakhula sipuling'i mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto. Kuyako kukachepa, tayala limatuluka panja, galimoto n'kutang'adza ngati munthu wa chithupsa. Marimu akale a Chipembere ndi akuya mainchesi asanu, n'chifukwa chake tayala lalikulu lija linalira. Zimenezi amakaniko ena amaziphunzira mpaka imvi, ine ndinazimva tiyi asanazizire.

Apa ndi pomwe akulowera mlamu wathu, mwamuna wa mlongo wathu uja, wogulitsa matabwa ndi simenti. Mukumudziwa. Chibwerere ine m'tauni muno sanandibwerekepo ngakhale sipanala. Koma atangomva za tayala lolira, anabwera yekha kuchipinda kwanga, kumwetulira mpaka mano a kumapeto, akunditchula kuti alamu anga okondedwa. Anati ndisavutike, wamva za munthu wina wa matayala yemwe ali ndi marimu oyenera. Ine ndinangodabwa kuti chikondichi chachokera kuti.

Titafika kwa wamatayalayo, awiriwo anapatsana moni ngati sanaonanepo chibadwire. Koma galu wa pashopupo, yemwe anafuna kundichotsa katumba, anakagona pamapazi a mlamu n'kumagwedeza mchira. Chachiwiri, marimu anayi anali atatsukidwa kale, atasanjikizidwa pakhomo, onse a mabowo asanu ndi limodzi ngati a Chipembere, ine ndisanatchule n'komwe mtundu wa galimoto yanga. Ndinafunsa ngati wamatayalayo amalosera. Iye anaseka, nati marimu otere amangoyenda malonda. Mlamu anayamba kuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

Kunena zoona ndi okongola, achimwene. Amawala moti nditadziyang'anirapo ndinaona kuti ndine wooneka bwino kuposa inu, zomwe ndinkazidziwa kale. Koma chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Nditapempha thabwa ndi tepi, wamatayala anati iye amayeza ndi maso, ndipo maso ake sananamepo. Mlamu naye anati ndisachititse manyazi munthu wamkulu pantchito yake. Ndinathyola thabwa la kireti pomwepo n'kuyeza ndekha. Mainchesi atatu basi. Ndiye kuti tayala lililonse lituluka mainchesi awiri kuposa kale, mbali ziwirizo pamodzi anayi, osawerengera kunenepa kwa tayala lomwe ankafuna kuvekapo, lomwe ndi lotakata ngati mphasa.

Tinamanga imodzi kutsogolo kuti tione. Mkati tayala silinakhule chilichonse, izo ndivomere. Koma linasuzumira kunja kwa madigadi, chitsulo chotchinga matope chija, ngati mwana wakuba shuga, ndipo nditapinda chiwongolero phewa lake linatsala pang'ono kupsompsona bampala. Ndinanena kuti pabampu lidzatafuna madigadi, matope onse azidzathera pagalasi la chitseko, ndipo maberingi azidzatha msanga chifukwa tayala lakhala patali nawo. Wamatayala anati madigadi amadula, n'chifukwa chake kunja kuno kuli macheka. Mlamu anawonjezera kuti galimoto yotang'adza sigubuduka, ngakhale mutasanja matumba a simenti mpaka kudenga.

Simenti, achimwene. Ndani anatchula za simenti? Kodi bambo athu ndi simenti? Ndinamuyang'ana, iye n'kuyamba kutsokomola, nati amangopereka chitsanzo.

Ndili m'njira yobwerera ndi pomwe mutu wanga wotchukawu unagwira ntchito. Ndinakumbukira mlatho wa pamtsinje wakwathu, uja anamangira ngolo, wa mizati yachitsulo m'mbali. Ndinakumbukiranso chaka chija mlamu anabweretsa malata a nyumba ya bambo pa kalole kobwereka, kalole n'kukanirira pakati pa mizati, mpaka kupinda umodzi. Si uja anatsika n'kumatambasula manja kuyeza mpatawo, inu mukusenza malata pamutu kuwolotsa? Munthu ameneyu mlathowo amaudziwa kuposa mmene amadziwira tsiku lobadwa la mkazi wake.

Ndiye onani mmene ndikuonera ine. Chipembere ikavala marimu amenewo, idzafika pamtsinje n'kuima, nyumba ya bambo ili tsidya. Tidzayambanso kuwakweza panjinga, galimoto ikuonerera. Kenako mlamu adzapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti galimoto yabwino chonchi isawolere patchire, bola ibwerere m'tauni izigwira ntchito, iye aziisamalira m'malo mwa banja. Mawu akewo ndikuwamva kale m'khutu, ndi kamvekedwe kake komwe ka kutchalitchi kaja. Ndipo wamatayala ananeneratu kuti marimu akale amatsala kwa iye monga mbali ya malonda, komanso tayala likangoponda pansi salilandiranso.

Musade nkhawa kwambiri, mng'ono wanu si wogona. Makiyi a galimotoyi ndinamulanda mlamu anthu akuona, ndinamuuza mawu atatu okha koma olemera moti anakhala pansi. Chipembere imagona pawindo langa, nditaimanga ndi tcheni cha sitima yapamadzi.

Kwa ogulitsa zitsulo zakale ndapezako marimu ena, akuya mainchesi anayi. Ndi onyansa, dzimbiri lokhalokha, koma ndawagubuduza pansi ndipo sanapindike. Ndi tayala la mano lomwelo koma lowonda pang'ono, ndayesa kupinda chiwongolero uku ndi uku, ndakweza gudumu limodzi pachulu cha njerwa kuti sipuling'i ifinyike, ndipo pakutsala mpata wolowa zala ziwiri. Amenewa ndi omwe mtima wanga wakonda. Komabe nawonso akutulutsa tayala inchesi imodzi mbali iliyonse, ndipo mlathowo ndikuuyeza ndi chikumbumtima chabe. Paja inu mumati ndikakumbukira nsomba ya chala ndimaisandutsa ya mkono.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite pamlathopo ndi chingwe, mundiyezere mpata wa pakati pa mizati. Muyeze m'munsi, pomwe pamadutsa tayala, osati m'mwamba, ndipo muyeze pa mzati wopindika uja chifukwa mpomwe pali pothina. Mukoke chingwecho chilimbe, mumange mfundo uku ndi uku. Chisakhale champhira chomangira katundu panjinga, chimenecho chimanama kuposa ine. Musayezenso ndi mapazi, poti mapazi anuwo ndi a anthu awiri. Mukatero muchikulunge mupepala, mumpatse dalaivala wa basi yemwe wakupatsani kalatayi, m'manja mwake. Ndikachilandira ndidzachiyala kutsogolo kwa matayala, kuchokera kunja kwa ili mpaka kunja kwa linzake, ndipo chidzalankhula chokha.

Pafoni musanene kanthu. Foni yanu imakhala m'manja mwa alamu anga akazi anu, ndipo iwo ndi mlongo wathu amauzana ngakhale zomwe alota. Sindikuti mlongo wathu ali m'chiwembu, ayi, koma mwamuna wake akatsokomola iye amayankha kuti zoona. Wina akakupezani pamlatho ndi chingwe, munene kuti mukufuna mbuzi yotayika.

Mwina ndikumuchimwira mlamu. Mwina galu uja amangokonda fungo la simenti. Chingwe chikabwera chachitali kuposa mmene ndikuganizira, ndidzampepesa chamumtima, ndipo adzamva ngati ali ndi makutu abwino.

Mundiperekere moni kwa bambo, muwauze kuti asunge mphamvu, mpando wakutsogolo ndawaikira pilo. Moni kwa mayi aang'ono, kwa alamu anga, koma moni yekha, ndi kwa ana onse. Malume muwauze kuti ndidzawakweza akadzasiya kunditchula kondakitala.

Tsalani ndi mtendere, chingwe chili m'manja.

Ndine mng'ono wanu, uja mumati Wailesi.

Ndatsegulanso envulopu kuti ndikonze malo amodzi. Zija za makiyi ndi tcheni cha sitima ndinangokometsera. Pomwe ndimachita lendi palibe poimika ngakhale wilibala, ndiye Chipembere imagona mumpanda mwa mlamu, ndipo makiyi ali pamsomali kuseri kwa chitseko chake. Mawu atatu ndinamuuza aja anali oti zikomo kwambiri alamu. Iye wauza kale mlongo wathu kuti Loweruka likubwerali akamangitsa marimu owala aja monga mphatso yake kwa bambo, ndipo mlongo wathu analira ndi chisangalalo. Mphatso ya mkamwini kwa apongozi ake sindingaikane ndi pakamwa pokha, pakamwa panga anthu anasiya kalekale kupakhulupirira. Kalatayi musamalize n'kuipinda komwe, achimwene. Nyamukani, basi imabwerera kuno Lachinayi.