Msoti Usanayende

Lachiwiri, 16 Meyi 1995

A Patson athyoka mwendo. Ngolo yagubuduzika potsikira ku dambo, belo la fodya n'kuwagwera pansi pa bondo lamanzere. Uthenga wandipeza ku sukulu, ndili pansi pa mtengo ndi ana a sitandade wanu. Ndathamanga choko chili m'manja. Fupa latulukira pakhungu, loyera mbee. Amuna anga, munthu wosenza belo yekha, akulira ngati mwana.

Ine ndimati ku chipatala. Iwo akana kwamtuwagalu. "Kumeneko amadula, amake Grace. Ndidzalima ndi chiyani?" Chaka choyamba kulima fodya wawowawo, osati wa pa esiteti, ndiye izi.

Madzulo abwera amalume awo a Masautso ndi galimoto yobwereka, awatengera kwawo ku Nathenje. Akuti kuli sing'anga wa mafupa, a Pitala. Ine ndilondole mawa ndi nkhuku yamoyo ya pakhomo pathu. Sindinafunse kuti ya chiyani. Grace wakana kudya.

Lachitatu, 17 Meyi

Njinga kuchokera kuno ku Mitundu, msoti wanga wofiira kumbuyo. Fumbi mpaka m'mano.

Ndimayembekeza munthu wa mikanda ndi zithumwa. Ayi, a Pitala ndi nkhalamba yofatsa, ya jekete la ku tchalitchi. Pakhomo pawo anthu ndithu, wina dzanja, wina msana. Bambo wina wa ku Diamphwe wandionetsa ntchafu imene anamulumikiza, n'kudumpha kuti ndione. Mtima unakhalako pansi, ndisaname.

Amuna angapo anawagwira a Patson, a Pitala n'kukoka mwendo mpaka fupa kubwerera. Kukuwa kwakeko sindilemba. Pabala anamatapo masamba osinja, nsanza pamwamba, timitengo ta nsungwi mozungulira, luzi ndi luzi. Kenaka anatenga msoti uja, n'kuuthyola mwendo wamanzere. Thyo. Anaumanga chimodzimodzi, mankhwala omwewo, n'kuuvundikira dengu m'nyumba mwa apongozi, pafupi ndi mphasa ya a Patson.

Lamulo ndi limodzi. Luzi lisamasulidwe msoti usanayende. "Tsiku loponda msoti, mwini wake wapondanso."

Loweruka, 20 Meyi

Kwa apongozi. A Patson adyako phala, asekanso. Akuti msoti ndi mnzawo wa m'chipatala, akumaugawira chimanga. Ndawasambitsa. Ndawameta ndevu, ndawacheka pang'ono pachibwano, akuti aphunzitsi akufuna kumaliza zimene ngolo inasiya.

Sopo wakweranso. Fodya wotsala ali m'shedi, wosasankha. Mlongo wanga akuti athandiza.

Lachitatu, 24 Meyi

Ndathawa ku sukulu masana, ana ndawasiyira aphunzitsi anzanga. Polowa m'nyumba, fungo. Thupi la a Patson moto. Zala za kuphazi zotupa, zodera, ndazitsina sanamve.

Ndathamangira kwa a Pitala. Akuti ndi magazi oipa akutuluka, fungo ndi la mankhwala. Anabwera, n'kuyang'ana msoti kaye, mwendo wa munthu pambuyo. Msoti ukudya bwino, ndiye palibe choopa.

Apongozi akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. A Masautso akuti vuto la anthu a sukulu, chilichonse kufuna kutsegula muone. Pano ndine mtengwa chabe, mawu anga ndi a mlendo. Koma mphuno ndili nayo.

Lachisanu, 26 Meyi

Ndamasula.

Onse anali ku maliro tsidya la msewu. Ine ndekha ndi a Patson, akubwebweta, akundiitana dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Ndatenga mpeni wa apongozi wosendera mbatata, ndadula luzi. Zimene ndaona. Mwendo wakuda bii mpaka m'bondo, mafinya, nyama yofewa ngati papaya lovunda. Ndasanza pakhomo.

Ndaima pakati pa msewu wa tala manja m'mwamba. Lole ya njerwa yaima, woyendetsa kunditukwana kaye, kenaka ataona nkhope yanga watsika yekha kudzandinyamulitsa. Msoti ndausiya pansi pa dengu pomwepo.

Loweruka, 27 Meyi

Chipatala chachikulu, m'tauni. Dokotala sanakalipe, bola akanakalipa. Wangofunsa kuti bala lakhala lomanga kuyambira liti, n'kupukusa mutu. Akuti chiphe chalowa kale m'magazi. Mwendo uchoke pamwamba pa bondo lero lomwe, apo ayi tikonzeke za bokosi.

Anafuna wachibale wovomereza. A Patson sakudziwa ngakhale pamene ali. Panali ine ndekha. Ndavomera.

Chinthu chimodzi chokha chimene anachikana amuna anga, ndicho ndachita ndi dzanja langa.

Lachiwiri, 30 Meyi

Atsitsimuka. Kutentha kwatsika. Apempha madzi, amwa. Kenaka dzanja kutsika pa bulangete, kufufuza, kufufuza. Lafika pamene bulangete lagona pansi.

Sanalire. Atembenukira ku khoma.

Ndikugona pansi pa bedi lawo, pa chitenje. Amayi a pa bedi loyandikana, odwazika mwana wawo, akuti zimatero poyamba, adzakuthokozani. Ndikufuna kuwakhulupirira.

Lamulungu, 11 Juni

Anayamba kundiyankhako masiku apitawa. Eya, ayi, ndipatseni chikho. Dzulo anafunsa za Grace, ndinasangalala ngati andipatsa nsalu.

Lero abwera apongozi ndi a Masautso, koyamba chidulireni. Moni kwa ine palibe. A Masautso akhala pa bedi, avula chipewa, n'kunena mokweza kuti wodi yonse imve, msoti uja wayenda. Lachinayi m'mawa anavundukula dengu, unatuluka wokha, ukupalasa pa dzala ndi miyendo yonse iwiri. Mudzi wonse unabwera kudzaona.

Apongozi kulira. A Patson anandiyang'ana nthawi yaitali, koyamba kundiyang'ana m'maso.

"Mukanadikira, amake Grace."

Ndinafuna kunena kuti ndikanadikira, msotiwo ukanapalasa pa manda anu. Ndinatuluka, n'kukalirira kuseri kwa khitchini ya odwazika, pa utsi, kuti anthu aziti ndi nkhuni zaziwisi.

Lachinayi, 15 Juni

Mwendo uja ndinauona ndi maso angawa. Ndikudziwa chimene ndinaona. Nanga bwanji ndikumadzifunsa? Bambo wa ku Diamphwe uja anadumpha pamaso panga. Msoti wayenda. Kapena kuda kuja kunali mankhwala? Ayi. Mankhwala sabwebwetetsa munthu.

Ndinapempha namwino kuti awafotokozere. Anayesa. A Patson anamumvera mwaulemu, atachoka n'kuti odula sanganene kuti tinalakwitsa kudula.

Lolemba, 26 Juni

Atuluka m'chipatala. Ine ndinakonza kunyumba, ndinatuma mlongo wanga agumule chiundo cha pakhomo kuti asamavutike polowa. Pa depoti a Masautso anawakweza basi ya ku Nathenje. Akuti akapumuleko kwa amayi awo. Thumba la zovala ndinanyamula ndine, anandilanda pakhomo pa basi.

Ndabwera ndekha ku Mitundu. Grace anathamangira ku msewu, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga.

Loweruka, 8 Julayi

Ankhoswe anakumana. Mawu ambirimbiri, mutu wake umodzi. Ndinaswa lamulo la mankhwala, ndinaba wodwala anthu ali ku maliro, ndinadulitsa mwana wa eni popanda kufunsa mbumba yake. Akuti ukwati sunathe, koma aliyense akhale kaye kwawo. Kaye ameneyu ndikumudziwa, amakalamba naye anthu.

Pobwerera ndinapatukira kwa a Pitala, mtima utandiwira. Ndinapita kukalalata. Anandipatsa mpando, n'kundimvera mpaka ndinatha mawu. Kenaka motsitsa, kuti odwala awo asamve: "Fupa lotulukira panja limandivuta, mwana wanga. Ndinaona tsiku lomwe lija. Koma anabwera akulira, ndikanawabweza bwanji?"

Ndinagwada. Ndinawapempha kuti mawu omwewo akawauze a Patson, ndi pafupi, kungodumpha msewu. Anayang'ana anthu odikira pakhonde pawo, ena ochokera kutali ku Malingunde. Anati aona. Sadzapita.

Loweruka, 15 Julayi

Fodya wagulitsidwa, wapita motchipa chifukwa anachedwa. Ndalama zonse ndatumiza ku Nathenje, ndi thukuta lawo. Sanabweze mawu.

Ndamva kuti akuyenda chokwawa, kapena kudumphira pa mtengo wa mpini. Ndapita kwa mmisiri wa matabwa pa msika kuti andikonzere ndodo za m'khwapa. Wafunsa msinkhu wa mwini wake, akuti popanda kuyeza zimalakwika. Ndaima pa khoma la shedi yake, ndaloza pamene phewa langa limafika ndikaima pambali pawo. Anaseka, akuti mayi mukutsimikiza? Ndikutsimikiza.

Grace akufunsa ngati abambo ake anakwiyira iyenso. Ndati ayi. Wafunsa kuti nanga inu munalakwa chiyani. Ndamutuma kukatunga madzi.

Loweruka, 22 Julayi

Ndodo pa njinga, ulendo wa ku Nathenje. Ndinavala chitenje chatsopano, uchitsiru wanga.

Apongozi anandichingamira pa njira, ndisanafike pabwalo. Akuti mwana wawo wayamba kupeza bwino, ndisamuutsire chilonda. Ndodo analandira. Ine anandiuza kuti dzuwa lapendeka, ndingachedwe.

Sindinapite. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe ya eni, ngati wakuba.

A Patson anali pakhonde, akusoka dengu. Anenepako. Tsitsi lakula, palibe wowameta. Anazitembenuza ndodo zija, kuzisisita, kufunsa kanthu. Apongozi anayankha mwachidule. Kenaka a Patson anagwira mzati, kudzikoka, ndodo m'khwapa. Anaima. Phazi limodzi, ndodo, phazi limodzi. Mpaka pakati pa bwalo, mpaka pa mtengo wa mango, thukuta kamukamu, akuseka okha. Kuseka kwawo kuja kwa mano onse.

Ali moyo. Akupuma, akuseka, dzuwa likuwawomba pamsana. Ndinaluma chitenje kuti ndisamveke.

Sanayang'ane ku njira ngakhale kamodzi.

Ndodo zawakwana ndendende, mmisiri sadzachotsapo kanthu. Lolemba ndili ndi ana a sitandade wanu, ndiyenera kukonzekera phunziro.