Zimene Yamikani amapempherera

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Nanga miyendo ija yasiya kutupa? Kuno kudziko la eni, ku Mulhuddart, tili bwino, kungoti alamu anu ntchito sanaipezebe.

Kutchalitchi kwathu kwa a Mormon asintha kaphunzitsidwe ka achinyamata. Kale ndinkangowawerengera buku, koma tsopano akuti tizifunsa funso n'kudikira kuti ayankhe okha. Inu mukundidziwa, kukhala chete kumandivuta! Lamulungu lapitali ndinawafunsa zimene amapempherera. Onse zii. Ndinadzigwira. Kenako mwana wanu Yamikani, wosayankhulayankhula uja, anati m'Chingerezi, "Ndimapempha kuti adadi azisekanso ngati kale."

Achemwali, ine ndi bambo ake, alamu anuwo, timanong'onezana mavuto athu m'Chichewa, poganiza kuti mwanayu samva. Kani amamva zonse.

Chonde mumuimbire foni, ndipo mumuyankhule Chichewa chomwecho. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tadala