Duwa la Mayi ndi Nazale ya a Zakeyo

Nkhamenya,
Kasungu.

Okondedwa achemwali a Fainala,

Muli bwanji kumudziko? Bondo lija lasiya kukuvutitsani? Ine kuno thupi lili bwino, koma manyazi okha ndiye andigwira sabata ino.

Mukukumbukira kachitini ka mbewu kamene ndinatenga m'nyumba ya malemu mayi titatha sadaka? Ndinafesa kuseri kwa nyumba ya sukulu, ndikuyembekezera mpiru. Mpiru sunamere. Chamera ndi chinthu chimodzi chofika m'chiuno, masamba aubweya, maluwa ofiirira otseguka madzulo okha, fungo ngati sopo wosungira alendo.

Vuto ndi a Zakeyo, amene nazale yawo ya fodya yagundana ndi mpanda wanga. Akuti alangizi anawachenjeza kuti chomera chachilendo pafupi ndi nazale chimasunga nsabwe, ndipo mbande zikadwala chaka chawo chathera pomwepo. Ndiye akufuna dzina. Popanda dzina, chizulidwe.

Ine munthu wopita ku koleji ndikanati sindikudziwa? Ndinapeka dzina lachilatini, lalitali ngati pemphero la Misa yakale, iwo n'kugwedeza mutu mwaulemu. M'mawa mwake anabwera ndi alangiziwo kuti ndibwereze. Achemwali, linali litandithawa! Ndinatchula lina. A Zakeyo anangofunsa mofatsa ngati duwalo labatizidwanso.

Ndinayesa kufunsa foni. Koyamba inati ndi therere, kenako inati ndi mtengo wa ku Mexico, kenako inajambula chala changa. Amayi a kwaya nawo akuti ndi mankhwala okopera akazi, ndipo akuti poti ndikadali wosakwatira, n'zoonekeratu kuti sakugwira ntchito.

Lero a Zakeyo afika ndisanasukusule. Amwa tiyi, atha mbatata yanga, andifotokozera mitengo ya fodya ku okushoni kuyambira ali mnyamata, diso lili pa duwa. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa lafika paliwombo osauma. Kalatayi ndikulembera pamaso pawo, ndawauza kuti ndikukonza mayeso.

Kunena zoona, nkhawa yawo ndikuimva, pakuti ana awo amavala ndi kuphunzira ndi fodya yemweyo. Koma ndatembenuza tsamba lililonse, nsabwe palibe ndi imodzi yomwe. Ndipo pa zinthu zonse za mayi, inu munatenga mtondo, achimwene a Tobias wailesi, ine changa n'chokhachi.

Pempho langa ndi ili. Pitani kwa azakhali a Dailes, amene ankalima dimba limodzi ndi mayi. Ndaika duwa louma ndi tsamba m'kalatamu. Akalione, akalinunkhize, anene dzina, ngakhale likhale la kumudzi lomwe silili m'buku. Mundiimbire nokha. Musatume a Tobias, iwo aja uthenga wa Pasaka amaufikitsa pa Khirisimasi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse, makamaka Comfort, amene ndamva kuti wayamba kuyankha aphunzitsi ngati malume ake.

Eya, a Zakeyo anyamuka! Akuti andidikira mpaka alangizi adzabwerenso kumapeto kwa mwezi. Khasu lawo alisiya litatsamira mpanda wanga, akuti n'lolemera kumangoyenda nalo uku ndi uku.

Fulumirani, achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Lemani