Juzi ya Mkono Umodzi

Copenhagen
February 1956

Wokondedwa mng'ono wanga Malan,

Ndiyambe ndi moni, monga anatiphunzitsira Amayi. Mwadzuka bwanji kumudziko? Nyamakazi ya Amayi ikuwapatsako mpata? Nanga chifuwa cha Atate chija chinaleka? Ine kuno ndili moyo, ndingonena choncho.

Chaka chino kuzizira kwanyanya. Chipale chofewa chikugwa osalekeza, ndipo si ngati chakwathu ku chilumba cha Sandoy chimene chimagwa lero, mawa mvula n'kuchitsuka. Cha kuno chimakhazikika. Madzi a padoko aundana moti anthu akuyendapo ndi ana awo ngati pabwalo, sitima zikuchita kudikira kuti aziswere njira. Adona amene ndimawagwirira ntchito amati chipale n'chokongola. Amachionera pawindo, kapu ya khofi ili m'manja. Wochikankha ndi fosholo pakhomo ndine, wokwera masitepe ndi ndowa ya malasha ndinenso. Zala zanga zang'ambika, zikakhudza madzi ndimachita kuluma mlomo.

Ndi zala zomwezi ndakhala ndikuluka juzi ya Símun. Paja ndinaiyamba ndisanachoke, titangopangana kuti ukwati wathu udzakhale nthawi yometa nkhosa ikubwerayi, ine ndikabwerako ndi kangachepe koyambira banja. Thupi linatha, khosi linatha, mkono wamanja unatha. Ndatsata kalukidwe ka nyumba yathu osaphonya: timapazi ta mbalame takuda pa zoyera, ndi mzere wofiirira pachifuwa ndi m'mikono. Nditafika pa mzere wa mkono wamanzere, ulusi wofiirira unandithera. Wa m'masitolo a kuno sindingaikepo, ndi wofewa ngati wa zovala za khanda, mphepo ya panyanja ingangopyola. Ndinakulembera kuti unditumizire wa nkhosa yathu yofiirira ija, iwe n'kuyankha kuti ubweya wake unaonongeka ndi chinyontho. Ndinakhulupirira. Kuyambira pamenepo juzi yangokhala pa singano ndi mkono umodzi, kudikira.

Lamlungu lapitali kunabwera msuweni wathu Jákup. Sitima ya katundu imene akugwirako ntchito yatsekeredwa padoko, ndiye anapeza mpata. Anandibweretsera nsomba zouma ndi mwendo wa nkhosa woumitsa ndi mphepo, zonse zochokera kwa Amayi. Adona atamva fungo anandilamula kuti ndizipachike kunja kwa windo. Tinakhala kukhitchini, iye akudya buledi wa eni nyumba ngati wake, pakamwa osapuma monga umamudziwira. Anandiuza za amene amwalira, za amene abereka, za denga la khola la azakhali limene mphepo inasasula. Kenako anandimenya paphewa.

"Koma iwe, ngakhale wakhala kuno kwa anthu a nsapato zonyezimira, dzanja silinaiwale ayi. Juzi unamutumizira Símun ija! Munthu akuchita kuyenda chotukula mapewa ngati gombe lonse ndi lake. Boti likadali kutali ife timakhala tadziwa kale kuti uyo, mkamwini wa kwa atate ako a Hanus uyo."

Ndinamufunsa kuti akunena juzi yotani. Anaseka, nati ndisiye kudzichepetsa, mudzi wonse ukudziwa kuti timapazi ta mbalame ndi mzere wofiirira zimachokera m'nyumba imodzi yokha. Anawonjezera kuti ndili ndi mwayi wa mng'ono, poti iwe suphonya kugombe boti likamabwera, kukamulandira nsomba mlamu wako m'malo mwanga.

"Yamukwana?" ndinafunsa.

"Ngati anabadwa nayo."

Ndinamuthirira khofi wina. Juzi yanga inali m'kachipinda kanga kapamwamba, singano zili zobaya momwemo. Sindinamuonetse.

Malan, ine si mwana. Símun alibe mayi, alibe mlongo, ndipo kwathu mwamuna savala juzi ya nyumba ya eni ngati sakudziwa tanthauzo lake. Kalukidwe kameneka tikukadziwa atatu, ndipo zala za Amayi zinapindika kalekale, singano sangagwire. Watsala ndani? Kuti imukwane chotero unamuyeza, ndi manja, kuchokera paphewa mpaka padzanja, monga ndinamuyezera ine. Tsopano ndadziwa chinyontho chimene chinadya ubweya wa nkhosa yofiirira. Ndadziwanso chifukwa chake makalata a Símun akhala akufupika mwezi ndi mwezi, ine n'kumati ndi kutopa kwa panyanja.

Koma chimene chikundiwawa koposa si iweyo ayi. Juzi silukidwa tsiku limodzi, ndipo silukidwa mobisa. M'nyumba mwathu mbaula ndi imodzi, nyale ndi imodzi, aliyense amakhala pamenepo. Wopota ulusi kwathu ndi Atate, ndiye kuti ulusi umenewo anapota okha. Amayi anakhala pambali pako akuyang'ana mizere ikukwera, mwina akukukonza ukafika pakhosi, poti pamenepo umamanga kwambiri kuyambira uli mwana. Nonse atatu munaiona ikukula mpaka kutha. Kenako munamanga nsomba m'pepala n'kunditumizira. Ndakwiya, Malan, sindikubisira. Ndili ndi manyazinso, chifukwa mudzi wonse ukuyamika dzanja langa pa ntchito imene si yanga, ndipo tsiku limene adzadziwe zoona adzaseka ine, osati iwe.

Símun sindimulembera. Tsiku limene anailowetsa m'mutu juziyo anayankha kale.

Ndinafuna kuimasula yanga, ndipange masokosi. Ndinachotsa singano imodzi, manja n'kukana. Adona anaiona ndikuiyanika, nati ndingoimalizitsa ndi ulusi uliwonse, aigule, mwana wawo azivala kokasewera pachipale. Ndinakana. Ubweya umenewu ndinautsuka ndekha mumtsinje wakwathu, sindinaulukire masewera.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Juziyi ndamupatsira Jákup itakulungidwa bwino, sakudziwa chimene wanyamula, ndipo musamudzudzule. Ikafika, umalize mkono wamanzerewo, poti ulusi wofiirira uli ndi iwe. Usamasule kanthu, usasinthe kanthu. Ukamaliza umupatse Símun. Msodzi amafunika juzi ziwiri, ina ikanyowa avale inzake, ndipo ngakhale ndakwiya chotere sindikufuna kuti afe ndi chisanu panyanja. Adzaivala, usakayike, chifukwa yanga simanga pakhosi. Ndipo iwe ukamaima pagombe kudikira boti, udzamuzindikira ali kutali ndithu, monga amachitira akazi onse akwathu. Koma sudzadziwa ngati wavala yako kapena yanga mpaka atatsika.

Nthawi yometa nkhosa musandiyembekezere. Ndawauza adona kuti ndikhala, ndipo akondwera, poti wogwira fosholo ngati ine sapezekapezeka.

Upereke moni kwa Amayi ndi Atate, uwathokoze chifukwa cha nsomba. Kalatayi uwawerengere yonse pambaula pomwepo, usadumphe mzere. Moni kwa azakhali a Elsebeth, ndamva chisoni ndi denga lawo, ndi kwa amalume a Dánjal ndi ana awo onse. Kwa Símun sindikupereka moni, alandira juzi.

Tsala bwino. Ndine mkulu wako ndithu,

Rannvá