Pamene Tinaika Nthochi ya Atate

Atate aang'ono,

Muli bwanji ku Chipata pamodzi na amai aang'ono? Ife kuno ku Kasisi sitili bwino. Amai adwala kwambiri, na phala lomwe akukana.

Dzulo ananigwira dzanja nati, "Tisiyane, nikafa mukaniike pafupi na atate ako." Mukumbukira kuti akulu anu atasiya kuumba njerwa kukalowa usilikali, anafera kunkhondo, mtembo osabwera. Munaika thunthu la nthochi m'bokosi pamodzi na chipewa chao.

Lero ninapita kumanda. Mtengo wa mpundu umene tinali kudziwira malowo, otentha makala anadula, chitsa chomwe anazula. Mtanda palibe, poti akuluakulu anaukana, nati m'menemo mulibe munthu. Nazungulira m'udzu mpaka dzuwa pamutu, osapeza kanthu.

Ine nthawi ija ninali kumsana. Mwa onse anaika maliro aja, mwatsala ndinu nokha. Chonde kwerani basi sabata ino, musadikire kukolola. Mulungu akusungeni panjira.

Amai anifunsa ngati nalambula pamanda pa amuna ao. Ine nangoti inde.

Ndine mwana wanu,
Tisiyane