Tathira tiyi mu radiyeta, kodi ikatifikitsa kwa mayi aang'ono?

Aphungu,

Ndikulemba mothamanga, koma musadandaule, si maliro ayi. Ndi chimwemwe chimene chandizunguza mutu, kungoti pakati pa chimwemwecho palowa galimoto yofuka utsi.

Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa zitenje pamsika wa Thuchila. Mayi anga anabwera kuno kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ija, ine ndili kumsana. Pothawapo anasiyana ndi mng'ono wawo, a Esther, ndipo sanamvenso za iwo. Ife tinakula tikudziwa kuti mayi aang'onowo anamwalira. Dzina lawo linkangomveka m'mapemphero basi.

Ndiye mwezi wathawu kunabwera bambo wina wogula nandolo, amene amazungulira midzi ya kuseri kwa Vila ya Milange. Pocheza ndi mayi pakhonde, Chilomwe chili pakamwa, anayamba kufunsana zakwawo, mudzi uti, mtsinje uti, mwana wa yani. Mwadzidzidzi bamboyo anati, "Esther wake wa chipsera pachipumi uja? Ameneyo alipo, chaka chino ndagula nandolo pakhomo pake." Aphungu, mayi anatsika pampando n'kukhala pansi pafumbi. Patapita masiku bamboyo anatiimbira foni ali pakhomo pomwepo, ndipo nkhalamba ziwiri zinalira pafoni mpaka mayunitsi kutha, osalankhulana chomveka. Ine ndinavina pabwalo mpaka anthu oyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati ndili bwino!

Tapangana zopita nawo kumapeto kwa mwezi uno. Mayi sakukhazikika. Chitenje chokapatsa mng'ono wawo asinthasintha mpaka andisokonezera katundu wogulitsa, ndipo tambala wokapereka anamumanga kale mwendo kuti asasowe. Vuto ndi loti miyendo yawo ndi yotupa, komanso ali ndi matenda othamanga magazi. Njinga yamoto sangakwere, ndipo kuima padzuwa nthawi yaitali sangathe. Tonse maso ali pa galimoto yathu.

Galimotoyi ndi ya dizilo, tinagula yakale chaka chatha amuna anga, a Jailos, atagwira ntchito zaka zambiri ku fakitale ya tiyi. Amaikonda koopsa. Amaipukuta m'mawa uliwonse ngakhale tsiku limene siyenda, moti ana anaipatsa dzina loti mayi wachiwiri.

Miyezi ingapo yapitayo inayamba kudontha timadzi kutsogolo, pansi pa radiyeta. Alamu anga a Pilato, mng'ono wawo wa a Jailos, amayendetsa thirakitala ku esiteti, ndiye pankhani ya injini pabanja pathu mawu awo ndi lamulo. Anasuzumira mu boneti n'kunena kuti, "Alamu, izi n'zazing'ono, ife sitipita nazo ku galaja. Fumbi la tiyi lodzaza m'manja, muthire mu radiyetamo. Likafufuma limakatseka lokha pamene pabowokapo." Kwathu kuno tiyi sasowa. Tinathiradi, ndipo kudontha kunasiya tsiku lomwelo. Tinawaombera m'manja. Kuyambira pamenepo, dontho likangooneka pansi, a Jailos ankawonjezera tiyi wina ndi madzi a pachitsime.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi tinatenga ana kukaona mathithi ku Likhubula. Pokwera chitunda kasingano ka geji yoonetsa kutentha kanakwera mpaka pofiira, nthunzi n'kuyamba kutuluka mu boneti. Tinaima. A Jailos anathamangira kumtsinje, kutunga madzi ozizira aja ochokera m'phiri, n'kuthira pomwepo injini ikadali yotentha. Inalira kuti tswee, koma inatifikitsa kunyumba.

Chiyambire tsiku limenelo, galimoto ija ikutulutsa utsi woyera wambiri kumbuyo. Poyamba tinkati n'chiperoni, poti kuno kukazizira galimoto iliyonse imafuka m'mawa. Koma yathuyi ikufuka ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo, ngakhale itayenda mpaka ku Boma. Utsiwo sununkha dizilo, ndipo ndikaika dzanja pafupi ndi paipi ya utsi limanyowa. Madzi mu radiyeta akutha mofulumira, chonsecho pansi sipakudonthanso kalikonse. M'mawa ikuvuta kulira, ikalira ikumanjenjemera kaye. Dzulo ndinasolola ndekha kawaya koyezera oyilo. Oyilo uja ankakhala wakuda, pano akuoneka ngati tiyi wothira mkaka. Nditawaonetsa a Pilato anangoseka, amvekere, "Ndi tiyi uja ameneyo alamu, akutsuka m'kati."

Iwo aganiza kuti tinyamule zigubu za madzi ndi thumba la tiyi mu buti, tizikathira m'njira. A Jailos nawo sakufuna kumva za galimoto ina. Iwo ndi mkamwini pamudzi pathu, ndipo zaka zonsezi akhala akufuna kuwachitira mayi chinthu chachikulu. Anandiuza kuti, "Apongozi akatsike pakhomo la mng'ono wawo pa galimoto ya mkamwini wawo, osati yahayala." Ndinawamvera chisoni, ndipo kunena zoona nanenso ndikulakalaka zomwezo. Ndikumadziona tikulowa m'mudzimo hutala ikulira, ana akutithamangira.

Koma oyilo uja wandichititsa mantha. Aphungu, utsi umenewu ndi wa chiyani? Madzi akupita kuti? Tinyamuke nayo kapena ayi? Chonde ndiyankheni msanga, tambala uja watopa pachingwe.

Mayi S.J.,
Thuchila, Mulanje

Mayi S.J.,

Choyamba ndiloleni ndivine nanu kaye. Kalata yanu ndinawerenga kawiri, ndipo pamene mayi anu anakhala pansi pafumbi paja nanenso maso ananyowa. Ulendo umenewu uchitike ndithu, ndipo usachedwe. Koma galimoto imeneyo itsale pakhomo. Ndanena poyera kuti a Jailos akamawerenga asafunefune yankho kumapeto.

Mwachita bwino kuyang'ana mtundu wa utsi, chifukwa injini ya dizilo imaulula matenda ake pamenepo. Utsi wakuda umatanthauza kuti dizilo akuchuluka kuposa mpweya, kawirikawiri sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi kapena mainjekita opopera dizilo atopa. Utsi wobiriwira motuwa, wonunkha chopserera, ndi oyilo akupsa. Woyera uli pawiri. Ukamanunkha dizilo wosapsa mpaka kuwawa m'maso, vuto lili kumbali ya mafuta. Koma wanuwo sununkha, ukunyowetsa dzanja, ndipo sukusiya injini ikatentha. Umenewo si utsi kwenikweni, ndi nthunzi. Madzi amene mukuwafunafuna pansi pa galimotowo akulowa m'kati mwa injini, n'kutuluka ku paipi ya utsi. Ena akutsikira mu oyilo, ndiye mkaka mwauona pakawaya uja.

Mmene mwafotokozeramu, ndikukayikira gasiketi. Imeneyi ndi mphira yolimba yosakaniza ndi chitsulo imene imakhala pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, kuti madzi, oyilo ndi moto chilichonse chiziyenda njira yake. Injini ikatentha mopitirira, gasiketi imapsa. Mwinanso mutu weniweniwo unapindika kapena kung'aluka tsiku lija la ku Likhubula, chifukwa chitsulo chotentha sichigwirizana ndi madzi ozizira obwera mwadzidzidzi. Pali tizipangizo tina timene tikabowoka timaonetsanso zizindikiro zofanana, n'chifukwa chake pafunika makaniko aone ndi maso. Ine ndikuyankha ndili patali.

Tsopano za alamu anu. Musawakalipire kwambiri, sananame zonse. Tiyi amatsekadi kabowo kakang'ono, ndipo munthu radiyeta ikamubowokera pakati pa munda angathe kufika naye pamsewu. Vuto ndi loti tiyi alibe maso. Akatseka pobowoka amapitiriza kutseka timipaipi tonse ting'onoting'ono ta mu radiyeta, tomwe madzi amadutsamo kuti azizire. Kudontha kunasiya, inde, koma madzi nawonso anasiya kuyenda bwino, ndiye chitunda cha ku Likhubula chinangomalizitsa. Zoti akutsuka m'kati zija, auzeni a Pilato kuti Aphungu aseka mpaka kutsamwa.

Kuyambira lero galimotoyo isalizidwe, ngakhale kungoitenthetsa m'mawa. Oyilo wosakanikirana ndi madzi sateteza zitsulo, zimangokhulana mpaka kugwirana. Choopsa china, madzi akadzaza m'chipinda chimene dizilo amapsera, injini imatha kuthyoka m'kati nthawi imodzi poiliza. Kunjenjemera kwa m'mawa kuja ndi chenjezo la zimenezo. Panopa mukhoza kukonzetsa gasiketi. Mukaumirira, mudzafunafuna injini yathunthu.

Itanani makaniko wodziwa dizilo abwere pakhomo, apo ayi ikokedwe popita ku galaja. Mumuuze zonse osabisa, za tiyi, za madzi a pachitsime, za mtsinje uja. A Jailos akachita manyazi, munene ndinu. Mumupemphe ayeze kaye asanamasule chilichonse. Pali kapampu kopopera mpweya mu radiyeta kamene kamaonetsa kumene madzi akuthawira, komanso njira yoonera ngati mpweya wa mu injini ukulowa m'madzi. Wina akangoyang'ana n'kunena kuti injini yonse yatha, osayeza, mupite kwa wina.

Akapeza kuti ndi gasiketi, asangoika yatsopano n'kutseka. Mutu wa injini upite kwa amakina akauyeze ngati uli wowongoka komanso wosang'aluka, apo ayi gasiketi yatsopanoyo idzapsanso mwezi usanathe. Radiyeta ichotsedwe, itsukidwe mpaka tiyi yense atuluke, bowo lija liwotcheredwe, ndipo ikakhala kuti yatheratu mugule ina. Oyilo ndi sefa yake zisinthidwe, ndipo mukayenda nayo pang'ono musinthenso kuti chinyontho chonse chichoke. Mu radiyeta muzithira madzi amankhwala aja amagulitsa m'mashopu a zipangizo za galimoto. A pachitsime amachititsa dzimbiri. Ndipo chonde, chivindikiro cha radiyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha. A Jailos anachita mwayi kuti sanapse nkhope.

Ikatuluka ku galaja, iyambe yayenda maulendo apafupi, Thuchila, Boma, kutchalitchi, inu mukuyang'ana geji, madzi ndi kawaya kaja m'mawa uliwonse. Poti mwaonetsa kale kuti maso muli nawo, ntchito imeneyi ikhale yanu. Galimoto yongotsegulidwa kumene siyesedwera ulendo wa kudziko lina.

Mwaona nokha kuti zonsezi sizingatheke mothamanga mwezi usanathe. Ndiye musadikire galimoto. Mayi anu ndi mng'ono wawo onse ndi achikulire, ndipo adikirana mokwanira. Funsani kumpingo kapena kwa anzawo a a Jailos ku fakitale, simungalephere kupeza galimoto yabwinobwino yobwereka kapena yahayala. Mufunsiretu ku boda ya Muloza zofunika powolotsa galimoto, ndipo mankhwala a mayi akhale m'chikwama chanu, osati mu buti.

Mawu awa ndi a a Jailos, muwawerengere mofatsa. Bambo, mtima wanu ndauona ndipo ndi wabwino. Koma taganizani galimoto itazima kuseri kwa Vila, pamalo opanda mthunzi, makaniko simukumudziwa, apongozi miyendo ikutupa, magazi akukwera, mudzi wa mng'ono wawo uli patsogolo pang'ono koma osafikika. Zimenezo n'zimene zigubu ndi thumba lija zingakugulireni. Pamudzipo palibe amene adzafunse kuti galimoto ndi ya yani. Adzafunsa kuti wabwera nawo ndani, ndipo yankho lidzakhala loti mkamwini. Gwirani chiwongolero cha galimoto yobwerekayo, imbani hutala mmene mungathere. Yanuyo idzapita ulendo wachiwiri, mwina kukatenga a Esther kuti adzaone Thuchila.

Mayi S.J., ndikuchenjezeni komaliza. M'mawa wa ulendowo wina adzanena kuti, "Tiyeni tingoyesa, mwina ifika." Makiyi akhale ali kwa inu, muwamange pamfundo ya chitenje. Thumba la tiyi lija lokha mulitulutse mu buti, munyamule. Mukafika, muwaphikire mayi anu ndi mng'ono wawo, amwe atakhala pamphasa imodzi.

Aphungu